Bolt ikulimba ndipo ma primer aphwatalala pa .308: ndi pulesha kapena ndi china?

Mlenje_Limpopo

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Mfuti ndi .308 Winchester ya bolt (chitsulo chotsekera katiriji kumbuyo kwa mpope), mpope wa mainchesi 22. Makatiriji ndimadzaza ndekha, zipolopolo za 150 grain (grain ndi muyeso wa kulemera), ndipo wonga ndimathira 0.5 grain kunsi kwa malire olembedwa m'buku la opanga wongawo. Muyeso umenewu ndinaupeza mu Juni kukuzizira, ndipo nyengo yonse yosaka sunavutepo.

Loweruka lapitali, Okutobala muno, ndinakawombera chandamale masana dzuwa lili paliwombo, kutentha ngati kwa ku Nsanje. Pa makatiriji 10, atatu bolt inalimba poikweza moti ndinachita kuikankha ndi chikhatho. Kumatako kwa zigoba zitatuzo, zimene anzathu kuno amati ma doppie, kuli kachizindikiro kozungulira konyezimira pamwamba pa zilembo. Ma primer (tizitsulo ta pakati pa tako toyatsa wonga) onse 10 ndi ophwatalala, ena ali ndi kamlomo kotukuka kuzungulira pamene firing pin, msomali womenya primer, inagunda. Chondisokoneza n'chakuti ngakhale mu Juni muja, pa muyeso woyambira weniweni, ma primer ankaoneka ophwatalala chomwechi. Ndiye ndikhulupirire chizindikiro chiti? Atsala makatiriji 40. Kodi nditha kuwamaliza m'mawa kukuzizira?

Wokonza_Mfuti

Achimwene, mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula. Yankho lachidule ndi lakuti 40 otsalawo musawombe, kaya m'mawa kaya usiku. Asungeni padera, mulembe pabokosi kuti ndi oyenera kuphwasula.

Tsono za zizindikiro. Sizilemera mofanana, ndipo primer ndiyo mboni yosadalirika kuposa zonse. Taonani zimene zimachitika m'chemba, chipinda cha kumbuyo kwa mpope chimene katiriji imakhalamo, m'kanthawi kochepa kaja. Firing pin ikagunda, imakankhira katiriji yonse kutsogolo mpaka phewa la chigoba litatsamira phewa la chemba. Kumbuyo kumatsala kampata pakati pa tako la chigoba ndi nkhope ya bolt. Primer ikaphulika imadzikankha yokha kutuluka m'dzenje mwake kudzadzaza kampatako. Wonga ukayaka, makoma opyapyala a kutsogolo kwa chigoba amafufuma n'kugwira chemba, kenako tako limatanukira kumbuyo kukagunda bolt, n'kuibwezera primer ija m'dzenje mwake itafufuma kale. Ikamalowa choncho imaphwanyika m'mbali, n'kutuluka yophwatalala ngati mutu wa msomali. Ndiye kuti kampata kaja kakakhala kakakulu, primer imaphwatalala ngakhale pulesha ili yochepa. Kawirikawiri wochititsa ndi die (chida chobwezera chigoba m'muyeso wake) yothina kwambiri imene ikukankhira phewa kumbuyo mopyola muyeso. Popeza anu ankaphwatalala ngakhale pa muyeso woyambira, ndikukayikira zimenezi. Kuwonjezera apo ma primer amasiyana kulimba kwa chitsulo chake. Wofewa amaphwatalala msanga, wolimba amaoneka bwinobwino pulesha itapyola kale malire, ndipo woopsa ndi wachiwiriyu.

Kamlomo kotukuka kaja nakonso kali ndi magwero awiri. Pulesha yochuluka imakabweretsa, inde, koma bowo la firing pin likakhala lalikulu kuposa msomali wake, kapena sipuling'i itafooka, chitsulo cha primer chimalowa m'mpatamo ngakhale ndi makatiriji a m'sitolo. Wombani imodzi ya fakitale, muyerekeze. Kamlomoko kakaonekanso pamenepo, vuto lili pa bolt.

Koma kachizindikiro konyezimira pa zilembo kalibe magwero ambiri. Pa nkhope ya bolt pali bowo la ejector, kachitsulo kokankhira chigoba kunja. Mkuwa wa tako la chigoba ukafinyidwa kupyola mphamvu zake, umayamba kuyenda ngati phula n'kulowa m'bowolo. Mukamakweza bolt, imazungulira n'kumeta kamkuwa kolowako, n'chifukwa chake pamanyezimira, n'chifukwa chakenso chogwirira chimalimba. Yang'anani pankhope ya bolt, mupezapo tizinyenyeswa ta mkuwa. Malire a .308 Winchester ndi 62,000 psi pa muyeso wa SAAMI ya ku America, kapena 4,150 bar pa muyeso wa CIP ya ku Ulaya, ndipo mkuwa wabwino suyenda pa pulesha imeneyo. Ukafika poyenda, simuli pamalire, mwawadutsa kale. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa, amawonjezera wonga mpaka chizindikiro chioneke kenako n'kubwerera pang'onong'ono, osadziwa kuti pakati pa malire enieni ndi pamene mkuwa umayamba kudandaula pali mtunda wa ma psi masauzande angapo umene suonetsa kanthu.

Pa kulimba kwa bolt, siyanitsani zinthu ziwiri. Ikamalimba potseka katiriji isanawombedwe, imeneyo si pulesha. Ndi chigoba chosakwanira bwino m'chemba, phewa silinabwezedwe, chigoba chatalika, kapena chipolopolo chikugunda mizere ya mumpope. Komabe ziwiri zomalizazi zimatha kubala pulesha, choncho katiriji yovuta kutseka isawombedwe. Ikamatseka mofewa koma n'kulimba poikweza mutawomba, ndiye nkhani yathu ino. Ndipo musaimenye ndi thabwa kapena nyundo. Pa mfuti zina chogwirira chinachita kuwotchereredwa, chimathothoka. Isiyeni izizire mphindi zingapo, mkuwa ubwererepo pang'ono.

China choti mufufuze: chemba inali youma? Mafuta otsala m'chemba, kapena mafuta a die osapukutidwa pa chigoba, amalepheretsa makoma kugwira chemba. Mphamvu yonse imathera pa nkhope ya bolt, ndipo zizindikiro za ejector zimaoneka ngakhale muyeso wa wonga uli bwino. Katiriji yonyowa ndi mvula imachitanso chimodzimodzi.

Zizindikiro zotsatirapo, ngati munthu sasiya, ndi mzere wakuda wa mwaye kuzungulira primer kusonyeza kuti mpweya wathawira pamenepo, primer yobooka, dzenje la primer lotakasuka moti yatsopano imalowa popanda kukana, ndipo pomaliza primer yogwa yokha mukamatsegula bolt. Mpweya wothawawo umadya nkhope ya bolt n'kusiya timaenje, ndipo umabwerera kumaso kwa wowomba. Magalasi oteteza maso asamachoke pankhope.

Sikelo_ndi_Caliper

Ndikugwirizana ndi akuluwa. Ine ndifunse funso lina: muyeso umene unali bwino mu Juni wasanduka bwanji woopsa mu Okutobala? Kutentha kulipo, sitikana. Wonga wotentha umayaka msanga ndipo pulesha imakwera, makamaka makatiriji akakhala padzuwa pa benchi kapena m'galimoto yotseka. Katiriji yokhalitsa m'chemba yotentha, wowomba ali kalikiliki kuyang'ana mphepo, nayo imaphikika. Wonga wa timipira, monga S321 ndi S341 wa Somchem, kawirikawiri umamva kutentha kuposa wa timitengo monga S335 ndi S355, ngakhale palibe wonga wosamva konse. Koma taonani, achimwene: onse 10 anali padzuwa limodzi, olimba ndi atatu okha. Kutentha sikusankha. Pali chimene chikusiyanitsa atatuwo ndi anzawo, ndipo chipezeka ndi caliper, chida choyezera kutalika.

Yambani ndi kutalika kwa chigoba. Nthawi iliyonse chikadutsa mu die ya full length, mkuwa umafinyidwira kutsogolo ndipo khosi limatalika. Malire a .308 ndi 2.015 inchi, kapena 51.18 mm, ndipo podula timadula pa 2.005. Mu chemba yothina malo otsala kutsogolo kwa malirewo ndi ochepa zedi, mwina 0.010 inchi basi. Chigoba chikapyola, mlomo wake umalowa pamene chemba imayamba kuchepa, ndipo bolt potseka imaufinya mlomowo pa chipolopolo ngati pulayala. Khosi limasowa kotakasukira kuti lichimasule, pulesha n'kukwera mwadzidzidzi. Njira yosavuta yoonera ndi iyi: tengani chigoba chowombedwa chimene sichinalowe mu die, mulowetse chipolopolo chatsopano pakhosi ndi zala. Chiyenera kulowa mosakana. Chikakanira pamlomo penipeni, chigoba chatalika. Chikalowa n'kukaima mkati pamene khosi limakumana ndi phewa, pamera kamzere ka mkuwa wokhuthala m'katimo. Chikakana paliponse, khosi lonse lakhuthala kuposa malo a m'chemba.

Chachiwiri, werengani zilembo za kumatako. Kodi zonse n'za kampani imodzi? Kunja zigoba zimafanana, m'kati sizifanana. Cha .308 chimalowa madzi pafupifupi 56 grain, koma chokhuthala makoma, monga zambiri za asilikali za 7.62x51, chimalowa ochepa. Wonga womwewo m'chipinda chochepa umabala pulesha yokwera. Kuti muyeze, ikani pa sikelo chigoba chowombedwa primer yakufa ikadali momwemo, mudzaze madzi mpaka afanane ndi mlomo, muyezenso, muchotsere. Kusiyana kwa grain imodzi kapena ziwiri za madzi n'kokwanira kusokoneza muyeso umene uli kale pafupi ndi malire.

Chachitatu, chipolopolo chakhala pati? Chikamagunda mizere ya mumpope chisananyamuke, chimasowa mtunda wothamangira, ndipo pulesha imakwera ndi ma psi masauzande angapo. Kuyeza kutalika kwa katiriji kuchokera kunsonga n'kosakwanira chifukwa nsonga zimasiyana. Yezani ndi comparator, kachida komangirira pa caliper, pamene chipolopolo chimayamba kukwana mpope. Mfuti yosakira isiyireni mpata wosachepera 0.020 inchi. Mbali inayo nayo ili ndi vuto lake: khosi likakhala losagwira bwino, chipolopolo chimatha kukankhidwira m'kati polowa kuchokera m'magazini, n'kuchepetsa malo a wonga. Kanikizani nsonga pa thabwa ndi mphamvu ya dzanja, muyezenso. Chisasunthe.

Muonenso ngati chilipo chimene munasintha osachiwerengera. Chitini chatsopano cha wonga, ngakhale dzina ndi lomwelo, chikakhala cha loti ina (gulu lina lopangidwa nthawi yakeyake) chimatha kuyaka mosiyanako, ndipo izi n'za makampani onse. Primer ya magnum m'malo mwa wamba. Chipolopolo cha kampani ina cholemera mofanana koma cha mbali yaitali yokhudza mpope, kapena cha kopa yekhayekha chopanda mtovu, chimene chimakhala chachitali ndi cholimba ndipo chili ndi miyeso yakeyake. Sikelo nayo iyesedwe ndi timiyala take toyesera. Grain imodzi ndi magalamu 0.0648 okha, ndiye kamphepo ka pawindo kapena batire lofooka n'zokwanira kuinamiza. Pomaliza unikani kumene khosi la chemba limathera. Pamamera mzere wa mwaye wouma ngati mwala umene umafinya mlomo wa chigoba mofanana ndi chigoba chotalika.

Chronograph_Kaye

Zonse zanenedwazi n'zoona, koma ndi zizindikiro zobwera mochedwa. Chimene chimachenjeza msanga ndi liwiro. Pulesha ndiyo imakankha chipolopolo, ndipo palibe mfuti yamatsenga imene imapereka liwiro laulere. Buku limanena liwiro limene anapeza pa malire komanso kutalika kwa mpope umene anayesera, nthawi zambiri mainchesi 24. Pa .308, inchi iliyonse yochotsedwa imadya pafupifupi 20 mpaka 25 fps (mafiti pa sekondi). Ndiye mpope wanu wa 22 uyenera kutsalira ndi 40 kapena 50 fps. Chronograph, makina oyeza liwiro, ikaonetsa kuti mwafanana ndi liwiro la malire a m'buku, kapena mwalipyola, pamene mpope wanu ndi waufupi, imani pomwepo ngakhale wonga usanafike pa nambala ya m'buku ndipo zigoba zikuoneka zokongola. Malire a m'buku anayezedwa mu mpope wawo, ndi zigoba zawo, ndi loti yawo ya wonga. Mfuti yanu itha kufika pa pulesha yomweyo grain imodzi isanakwane.

Kumbukiraninso kuti pulesha imakwera mofulumira kuposa liwiro. Mukawonjezera wonga ndi 1 peresenti, liwiro limakwera pafupifupi 1 peresenti yomweyo, pamene pulesha imakwera ndi 2 peresenti kapena kupitirira. N'chifukwa chake 30 fps yomaliza imagulidwa modula, chonsecho nswala kapena ngoma pa mamita 150 siidziwa kusiyana kwake. Mukamakwera ndi masitepe ofanana, lembani liwiro la sitepe iliyonse. Likamakwera mofanana, zili bwino. Likadumpha mwadzidzidzi, kapena kusiyana pakati pa makatiriji a muyeso umodzi kukakula, bwererani.

Njira ina ndi yoyeza kufufuma kwa tako la chigoba. Pamafunika micrometer ya milomo yopyapyala yowerenga mpaka 0.0001 inchi, caliper wamba singathe. Mumayeza kutsogolo pang'ono kwa ngalande imene extractor, kambedza kokoka chigoba, imagwira, pamalo amodzimodzi oikidwa chizindikiro, musanawombe ndi mutawomba. Ambiri amatenga 0.0005 inchi ngati poimira.

Wokonza_Mfuti

Za liwiro ndavomereza ndi manja awiri. Za micrometer ndichenjezeko pang'ono. Nambala imeneyo imadalira kulimba kwa mkuwa, ndipo mkuwa umasiyana kampani ndi kampani. Chigoba chatsopano chimafufuma kwambiri ulendo woyamba, pamene chowombedwa kanayi kapena kasanu chaumiratu ndipo chimatha kusasuntha ngakhale pulesha ili yoopsa. Kuyeza gawo limodzi mwa magawo 10,000 a inchi kumafunanso dzanja lozolowera, kukanikiza pang'ono chabe nambala yasintha. Njirayi ndi yothandiza poyerekeza miyeso iwiri pa zigoba za loti imodzi, zowombedwa maulendo ofanana. Ikaonetsa kufufuma, ikhulupirireni. Ikapanda kuonetsa, musaitenge ngati chilolezo chowonjezera wonga.

Mlenje_Limpopo

Zikomo kwambiri akuluakulu. Ndayeza usiku wathawu. Zisanu ndi ziwiri zosavuta zija zili pakati pa 2.014 ndi 2.018 inchi. Zitatu zolimba zili pa 2.024, 2.025 ndi 2.027, ndipo chipolopolo chikukanira pamlomo pa zitatu zonsezo. Zilembo zakenso n'zosiyana ndi zinzake, ndi zina zimene ndinatola pamalo owomberapo n'kusakaniza. Madzi zikulowa ochepa ndi 1.5 grain. Kudula sindinadulepo chiyambire, ndipo zanga zawombedwa kasanu. Phewa nalo ndayerekeza chowombedwa ndi chotuluka mu die, die ikulibweza ndi 0.007 inchi. Ndiyambire pati?

Sikelo_ndi_Caliper

Ndiye mwapeza zinthu zitatu zokumana tsiku limodzi: zigoba zotalika, chipinda chochepa, ndi dzuwa la Okutobala pamwamba pa muyeso umene unali kale pafupi ndi malire. Ndipo 0.007 ija ndiyo yankho la ma primer ophwatalala a mu Juni.

Phwasulani 40 onsewo. Chozulira zipolopolo cha collet (chofinya) pa press n'chabwino kuposa cha nyundo chifukwa wonga sumwazika, koma chilichonse mwa ziwirizi chigwira ntchito, magalasi ali kumaso. Pophwasula, yezani wonga wa makatiriji khumi kapena kuposa, muone ngati sikelo inkanena zoona. Wongawo ubwerere m'chitini pokhapokha mukutsimikiza kuti ndi mtundu umodzi womwewo. Mukakayika, usagwirenso ntchito.

Zigoba zitatu za chizindikiro cha ejector ziphwanyeni ndi pulayala n'kutaya, pamodzi ndi zonse zotola. Chigoba chotola simudziwa kuti chawombedwa kangati, kapena chifukwa chimene mwini wake anachisiyira pansi.

Zanu zomwe zija zifunika kuzifufuza bwino, chifukwa kubweza phewa ndi 0.007 maulendo asanu kwazitanula kwambiri. Mkuwa umene wapita kukhosi wachokera penapake, ndipo pamenepo ndi pamwamba pang'ono pa tako, pamene khoma lokhuthala limayamba kupyapyala. Yang'anani mzere wowala wozungulira chigoba chapamenepo. Kenako wongolani kawaya kopanira mapepala, mupinde nsonga yake pang'ono n'kuinola, mulowetse m'chigoba mpaka pansi, muzikanda khoma pokwera. Nsonga ikakodwa m'kangalande, chigobacho chatsala pang'ono kuduka pakati. Chikaduka m'chemba, tako limatuluka ndi bolt, thupi limatsalira m'kati, ndipo mpweya wotentha umabwerera kumbuyo. Mukapeza ziwiri kapena zitatu zotere, tayani gulu lonse mugule zatsopano za loti imodzi. Kunena zoona, pa zimene mwafotokozazi, kugula zatsopano ndiko kwanzeru.

Die muikonzenso motere. Ibwezeni m'mwamba pafupifupi theka la kuzungulira, mulowetse chigoba chowombedwa, muyeze phewa ndi comparator. Muzitsitsa pang'onopang'ono mpaka phewa litabwerera ndi 0.002 inchi, kapena 0.05 mm, poyerekeza ndi chowombedwa. Ulusi wa die ndi 14 pa inchi, kutanthauza kuti kuzungulira kumodzi ndi 0.071 inchi, ndiye kusuntha kumene mukufuna n'kochepa kwambiri, kongokhudza chabe. Mukatha, dulani zonse pa 2.005, mupale mlomo m'kati ndi kunja, mupukute mafuta onse. Kuyeza kutalika kuzichitika chigoba chikatuluka mu die, osati chisanalowe, ndipo kuzichitika ulendo uliwonse. Ngati chodulira chanu ndi chija cha kamsomali kodutsa pa bowo la moto, ma primer amoyo ayambe achotsedwa, pang'onopang'ono osagwedeza.

Wokonza_Mfuti

Ndiwonjezere za mfutiyo. Popeza yalandira pulesha yopyola malire maulendo atatu, ipite kwa wokonza mfuti ayeze headspace, mtunda wa pakati pa nkhope ya bolt ndi phewa la chemba, ndi ma gauge. Pa .308, GO ndi 1.630 inchi ndipo bolt iyenera kutseka, NO-GO ndi 1.634 ndipo siyenera kutseka. Aonenso mano a bolt, nkhope yake, ndi bowo la firing pin chifukwa cha kamlomo kaja. Chemba itsukidwe mpaka kumapeto kwa khosi, iume.

Mukatero yambirani pa muyeso woyambira wa m'buku, osati pamene munalekezera, chifukwa zigoba zasintha. Koma musatsike kunsi kwa muyeso woyambirawo poganiza kuti kuchepa ndiye chitetezo. Wonga woyaka pang'onopang'ono ukachepa kwambiri m'chigoba umayaka mosalongosoka, ndipo chipolopolo chimatha kutsakamira mumpope. Zizindikiro za pulesha yochepa ndi mwaye wotsika kuchokera pakhosi kufika paphewa, ndi primer yotsala itatulukira kunja pang'ono chifukwa chigoba sichinabwerere kudzaikankha. Kulira kukamveka kofooka kapena kosiyana, tulutsani bolt, musuzumire mumpope musanaike ina.

Kwerani ndi 0.3 grain pa sitepe, makatiriji atatu pa sitepe iliyonse, olembedwa nambala ndi cholembera pa chigoba. Wombani kuyambira wotsika, chronograph ili patsogolo, ndipo chigoba chilichonse muchiyang'ane kumatako musanaike chotsatira. Pendeketsani padzuwa, chifukwa chizindikiro cha ejector chikamayamba chimangokhala kamthunzi kosaoneka bwino mukachiyang'ana chamaso. Kuyesaku kuchitike masana otentha ngati a Loweruka lija, makatiriji ali pamthunzi, mpope ukupatsidwa nthawi yozizira. Muyeso wopezeka kukutentha sudzavuta mu Juni, pamene wopezeka mu Juni mwaona kale zimene umachita. Chizindikiro chilichonse chikaoneka, kapena liwiro likafika pa la m'buku mutachotsera za mpope wanu waufupi, masitepe otsala apamwamba akaphwasulidwe kunyumba, ndipo muyeso wosakira ukhale pafupifupi grain imodzi kunsi kwa pamenepo. M'kope lanu mulembe loti ya wonga, mtundu wa primer, maulendo amene zigoba zawombedwa, ndi kutentha kwa tsikulo.